Kodi Sukulu Imateteza Munthu Kuti Asanamizidwe ndi AI?

Kale nkhani ya makina oyankha mafunso, amene amati AI, inali ya m'mafilimu ndi ya anyamata a makompyuta. Zinthu zinasintha pa 30 Novembala 2022, tsiku limene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, ndipo kuno kwathu zinafika pakhomo mu Epulo 2024 pamene Meta inaika AI yake pa WhatsApp m'maiko angapo, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Lero mphunzitsi amaifunsa mafunso oti apatse ana m'kalasi, wophunzira wa ku koleji amaisenzetsa asainimenti, mayi wa geni amaiuza kuti imulembere uthenga wotsatsa malonda, ndipo wina amaifunsa za mankhwala a BP a agogo ake.

Pamodzi ndi zonsezi pamera zikhulupiriro za amene angathe kuigwiritsa ntchito bwino ndi amene angapusitsidwe nayo. Zambiri zimazungulira pa sukulu ndi pa luso la zipangizo. Si zopanda mutu ayi, chilichonse chili ndi kachoona kake. Komabe ofufuza akhala akuyesa nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo zimene apeza zikuloza kumodzi. Chimene chimateteza munthu ndi kudziwa ntchito imene wapatsa makinawo, mpaka kutha kuona pamene aphonya. Satifiketi yokha, kapena changu cha zala pa foni, sizifikapo.

Amati: "Amene sadziwa za AI ndiwo amaiopa."

Maganizo amenewa ali ndi poyambira. Munthu amene sanazolowere chinthu amachiyang'ana ndi diso la pambali, ndipo kafukufuku wamkulu amene University of Melbourne ndi kampani ya KPMG anatulutsa mu 2025, atafunsa anthu oposa 48,000 m'maiko 47, anapeza kuti achinyamata, opita ku yunivesite ndi amene anaphunzirako za AI amaidalira kuposa ena. Mwa anthu onse ofunsidwawo, 46 mwa 100 alionse ndi amene anati ali okonzeka kuikhulupirira.

Koma pali mbali ina. M'chaka chomwecho, ofufuza Stephanie Tully, Chiara Longoni ndi Gil Appel anafalitsa zimene anapeza atayamba ayesa anthu ndi mafunso kuti aone ngati amamvetsadi mmene AI imagwirira ntchito. Amene anakhoza pang'ono ndiwo anaonetsa chidwi chachikulu choigwiritsa ntchito. Kwa iwo, makina olemba ndakatulo kapena otonthoza munthu wosweka mtima amaoneka ngati chozizwitsa, ndipo chozizwitsa chimakoka mtima. Amene amadziwa zochitika m'kati mwake samachita nazo kakasi kwenikweni.

Ziwirizi sizikutsutsana. Kuzolowera chinthu kumachotsa mantha, pomwe kuchimvetsa kumachotsa kuzizwa. Munthu angathe kukhala nacho choyambacho alibe chachiwiricho, ndipo ameneyo ndiye amakhulupirira kwambiri.

Khalidwe limeneli n'lakale. Mu 1966 Joseph Weizenbaum wa pa sukulu ya MIT ku America anapanga pulogalamu yotchedwa ELIZA. Inalibe nzeru zilizonse. Inkangotola mawu amene munthu walemba n'kuwabweza ngati funso, monga amachitira ena mwa alangizi a za maganizo. Ngakhale zinali choncho, sekilitale wake, yemwe ankamuona akuipanga tsiku ndi tsiku, atangocheza nayo pang'ono anamupempha kuti atuluke m'chipindamo kuti alankhule nayo payekha. Weizenbaum anadabwa kwambiri, ndipo anatha zaka zambiri akuchenjeza za mmene munthu amafulumirira kuona mtima pamene palibe mtima.

Amati: "Munthu wophunzira sanganamizidwe ndi makina."

Mu 2023 mumzinda wa New York munali mlandu wa munthu amene ankasumira kampani ya ndege ya Avianca, ponena kuti kangolo koperekera zakudya m'ndege kanamuvulaza bondo. Loya wa munthuyo, Steven Schwartz, yemwe anali atagwira ntchito ya malamulo kwa zaka zoposa 30, anafunsa ChatGPT kuti imupezere milandu yakale yofanana ndi umenewu. Inamupatsa, mayina a milandu, manambala, makhothi ndi mawu a oweruza zonse zili m'malo mwake. Milandu 6 mwa imeneyo sinachitikepo padziko lino. Chochititsa chidwi n'chakuti loyayo anayesa kutsimikiza, koma anatsimikizira kwa mwini bodza yemweyo. Anaifunsa ngati milanduyo inali yeniyeni, iyo n'kuvomera kuti inde. Woweruza P. Kevin Castel anawalipiritsa Schwartz, loya mnzake ndi kampani yawo chindapusa cha madola 5,000. Kumayambiriro kwa 2025 khothi lalikulu la ku Pietermaritzburg, ku South Africa, linakumananso ndi zikalata za maloya zotchula milandu imene kulibe.

Sukulu ya Schwartz inali yokwanira, ndipo malamulo ankawadziwa. Chimene sankadziwa ndi mtundu wa chida chimene anagwira. Iye ankaganiza kuti chimafufuza m'nkhokwe ya milandu monga amachitira Google. Zoona zake n'zakuti pulogalamu ya mtundu umenewu inaphunzitsidwa ndi zolembedwa zochuluka zedi kuti izilosera mawu oyenera kutsatira amene alembedwa kale. Imadziwa bwino maonekedwe a dzina la mlandu, choncho ikasowa weniweni imaumba wooneka ngati weniweni. Siichita dala, ndipo pa mawu ake sipaoneka chizindikiro chosiyanitsa zimene ikudziwa ndi zimene yangolumikiza.

Ngakhale pamene munthu ali pa ntchito yake yeniyeni, mawu a makina amalemera. Mu 2023 ofufuza a ku Cologne m'dziko la Germany anapatsa madokotala 27 odziwa kuwerenga zithunzi za m'thupi zithunzi 50 zounikira khansa ya m'mawere. Pa chithunzi chilichonse panali ganizo limene anauzidwa kuti lachokera ku AI, koma pa zithunzi zina ofufuzawo anaikapo dala ganizo lolakwika. Madokotala ongoyamba kumene ankakhoza pafupifupi 80 mwa 100 pamene ganizo la makina linali lolondola, koma likakhala lolakwika ankatsika kufika pansi pa 20. Akhalakale pa ntchitoyi anatsika kuchoka pa 82 kufika cha m'ma 45. Luso la zaka zambiri linawathandiza ndithu, chifukwa sanagwe ngati anzawo aja. Koma nawonso anapendekeka.

Amati: "Wodziwa kompyuta ndiye amadziwa pamene AI yalakwitsa."

M'mabanja ambiri muli mwana amene aliyense amamuthamangira foni ikavuta. Amadziwa kuika mapulogalamu, kubweza akaunti yotayika, kusamutsa zithunzi. Zikatero n'zosavuta kuganiza kuti zimene iye wapeza pa AI n'zodalirika chifukwa "amazitsata". Koma kudziwa podina ndi kudziwa ngati yankho lili loona ndi maluso awiri osiyana. Mnyamata wachangu pa foni akafunsa za mlingo wa mankhwala a mwana, changu chakecho sichimuuza kanthu ngati nambala imene walandira ili yolondola.

Ngakhale akatswiri olemba mapulogalamu amapunthwa pomwepa. Mu 2022 ofufuza a ku Stanford University anapeza kuti anthu amene analemba mapulogalamu mothandizidwa ndi AI anasiya mipata yambiri yolowera akuba kuposa amene analemba okha, koma iwo ndiwo anali otsimikiza kwambiri kuti ntchito yawo ndi yotetezeka. Mu 2025 bungwe la METR linatsatira akatswiri 16 pa ntchito 246 za mapulogalamu amene iwo ankawadziwa kale bwino. Asanayambe ankayembekeza kuti AI ifupikitsa nthawi ya ntchito ndi 24 peresenti. Wotchi inaonetsa kuti anatenga nthawi yotalikirapo ndi 19 peresenti. Atamaliza, anali akukhulupirirabe kuti afulumira ndi 20 peresenti. Anthu 16 ndi ochepa, ndipo zida zimenezi zikusintha mwezi ndi mwezi, choncho sitinganene kuti AI imachedwetsa aliyense. Phunziro lili pa kusiyana kwa zimene munthu akumva mumtima ndi zimene zikuchitika. Ntchito ikamayenda mopepuka, mtima umati yayenda bwino.

Pali kafukufuku wina amene amamasula mfundo imeneyi bwino. Mu 2025 ofufuza a Microsoft ndi a Carnegie Mellon University anafunsa anthu 319 ogwira ntchito za m'maofesi za mmene amagwiritsira ntchito AI. Amene ankadalira kwambiri makinawo ankasinkhasinkha pang'ono pa zimene alandira. Amene ankadzidalira pa ntchito yawo ankasinkhasinkha kwambiri, ankafunsanso, kuyerekezera ndi kukonza. Choncho pali kulimba mtima kwa mitundu iwiri. Kwina kumati "makinawa amadziwa", ndipo kumagonetsa munthu tulo. Kwina kumati "ntchito iyi ndimaidziwa", ndipo kumamuchititsa kukhala tcheru.

Amati: "Wanzeru ndi amene amakayikira makina nthawi zonse."

Wina atawerenga zonsezi anganene kuti basi, ndi bwino kungotalikirana nazo. Maganizo amenewa amamveka auchikulire, koma nawonso ali ndi dzenje lake.

Mu 2015 Berkeley Dietvorst, Joseph Simmons ndi Cade Massey a ku University of Pennsylvania anauza anthu kuti alosere mmene ophunzira ena adzakhozere pa maphunziro awo. Anthuwo akanatha kudalira kulosera kwawo kapena kwa pulogalamu ya kompyuta, ndipo wolosera bwino ankalandira ndalama. Pulogalamuyo inkalosera bwino kuposa anthu. Koma amene anaiona ikulakwitsa anaitaya msanga n'kubwerera ku maganizo awo, ngakhale anali ataona kuti iwowo amalakwitsa koposa. Munthu mnzathu akaphonya timati ndi mmene zimakhalira, koma makina akaphonya kamodzi timati ndi achabechabe. Ofufuza omwewa anapezanso pambuyo pake kuti anthu akaloledwa kusintha yankho la pulogalamu ngakhale pang'ono chabe, amavomera kuigwiritsa ntchito.

Ukatswiri ungakulitse vutoli. Mu 2019 Jennifer Logg, Julia Minson ndi Don Moore anapeza kuti anthu wamba amamvera malangizo ochokera ku pulogalamu kuposa ochokera kwa munthu, koma akatswiri olosera nkhani za chitetezo cha dziko sanasunthike kwenikweni ndi malangizo alionse. Mapeto ake kulosera kwawo kunaphonya kuposa kwa anthu wamba amene anamvera pulogalamu ija. Kudzidalira kumene kumathandiza munthu kugwira cholakwa cha makina, kukapyola malire kumamutseka makutu pamene makinawo akunena zoona.

Choncho cholinga si kukhulupirira kwambiri kapena pang'ono. Ndi kukhulupirira molingana ndi ntchito. Mu 2023 ofufuza a ku Harvard ndi anzawo anayesa alangizi a zamalonda 758 a Boston Consulting Group. Pa ntchito zimene AI imazitha, monga kupereka maganizo a malonda atsopano ndi kulemba, oigwiritsa ntchito anafulumira ndipo anachita bwino, makamaka amene poyamba anali ofooka. Pa ntchito ina imene inakonzedwa dala kuti ikhale kunja kwa luso la makinawo, oigwiritsa ntchito anaphonya kuposa amene anagwira okha. Anthu anali omwewo, chida chinali chomwecho, chosiyana chinali ntchito.

Amati: "Akatswiri a AI amagwirizana, tingowamvera."

N'zoona kuti akatswiri ali ndi chiyembekezo kuposa anthu wamba. Bungwe la Pew Research Center linapeza mu 2025 kuti akatswiri a AI 56 mwa 100 alionse ku America ankati AI ipindulitsa dziko lawo m'zaka 20 zikubwerazi, pomwe mwa anthu wamba anali 17 okha. Mbali ina ya kusiyanaku imachokera pa kudziwa. Mbali ina imachokera pa malo amene munthu waima. Amene amapanga makina ndi amene akuopa kuti makinawo amulanda ntchito sangaone mofanana, ndipo nkhawa ya wachiwiriyu si umbuli.

Akatswiriwo pakati pawo samvananso. Geoffrey Hinton, mmodzi wa anthu amene anayala maziko a AI ya masiku ano ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2024, anachoka ku Google mu 2023 kuti azilankhula momasuka za zoopsa zake. Yann LeCun, amene analandira naye limodzi mphoto ya Turing ya 2018, wakhala akunena kuti mantha amenewo ndi okokomeza. Hinton yemweyo ananena mu 2016 kuti sukulu zisiye kuphunzitsa madokotala owerenga zithunzi za m'thupi, poti m'zaka zochepa makina adzawaposa. Zaka zapita, madokotalawo akufunikabe. Kudziwa mmene makina amaphunzirira sikunamupatse kudziwa zonse zimene dokotala amachita pa tsiku. Katswiri ndi woyenera kumumvera pa zimene anaphunzira, koma akatuluka m'munda mwake amayenda ngati mlendo aliyense.

Amati: "Ikayankha motsimikiza, m'Chingelezi chosalala, ndiye kuti ikudziwa."

Chikhulupiriro ichi sichinenedwa mokweza, koma kwathu kuno chili ndi mizu yakuya. Tinakula tikuona kuti wolankhula Chingelezi chosakhumudwa ndi munthu wa sukulu. Pa mayeso a MSCE, wolephera Chingelezi sapata satifiketi ngakhale atakhoza maphunziro ena. Choncho khutu lathu linaphunzira kulumikiza Chingelezi chabwino ndi nzeru. Kwa anthu kulumikiza kumeneku kuli ndi chifukwa chake, popeza munthu sachipeza Chingelezi choterocho popanda kukhala pansi n'kuwerenga. Kwa makina sizili choncho. Kusalala kwa mawu ndiko ntchito imene anapangidwira, ndipo yankho labodza limatuluka losalala chimodzimodzi ndi loona. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Taonani zimene zimachitika tikaifunsa m'Chichewa. Zolembedwa za m'chinenero chathu n'zochepa pa intaneti, choncho makinawa amapunthwa kawirikawiri. Amasokoneza magulu a mayina, amapeka mwambi umene agogo athu sanaunenepo, amamasulira mawu mowongoka n'kutaya tanthauzo. Aliyense wolankhula Chichewa, kaya analekeza Sitandade 4, amagwira zimenezi nthawi yomweyo n'kuseka. Amene akhala akugwiritsa ntchito Google Translate chiyambire 2014, pamene inalandira Chichewa, amakudziwa kuseka kumeneku. Koma munthu yemweyo akalandira yankho la m'Chingelezi pa nkhani ya msonkho kapena ya matenda, sakaikira. Makina sanasinthe. Chasintha n'chakuti pa Chichewa iye ndi katswiri, pomwe pa msonkho si katswiri.

Apa mpamene pamaonekera kuti chitetezo sichiyendera kalasi imene munthu anafika. Mlimi wa ku Nsanje akauzidwa kalendala ya ulimi yoyenera ku Mzimba kapena ku Kenya, amadziwa kuti mvula ya kwawo sigwa choncho. Wa digiri amene sanagwirepo khasu angalandire malangizo omwewo n'kuwatumiza pa gulu la WhatsApp la banja. N'chifukwa chake pulogalamu ya Ulangizi, imene bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa ndi alimi a m'Malawi pa WhatsApp, inamangidwa pa buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi, ndipo m'midzi yambiri imafika kwa alimi kudzera mwa munthu wophunzitsidwa amene amakhala ndi foni n'kukambirana nawo yankho. Kumangirira makina pa buku lodziwika ndi kuika munthu pakati kumachepetsa mpata wa kupeka.

Tsono sukulu ithandiza chiyani?

Ithandiza kwambiri, ikaphunzitsa zoyenera. Choyamba ndi phunziro lenilenilo. Mwana amene sanaphunzire kuchulukitsa sangagwire cholakwa cha masamu, ndipo namwino amene sadziwa milingo sangadabwe ndi mlingo wolakwika. Wophunzira amene amapatsa AI asainimenti iliyonse akudzilanda chida chokhacho chimene akanadzaiyesera nacho mawa. Chachiwiri ndi kumvetsa pang'ono chabe mmene makinawa amagwirira ntchito. Sipafunika digiri ya makompyuta. Kungodziwa kuti amalosera mawu, kuti angapeke dzina la buku, vesi kapena gawo la lamulo, ndiponso kuti amakonda kuvomereza zimene wofunsa akuoneka kuti akufuna, n'kokwanira kusintha mafunsidwe a munthu.

Chachitatu ndi chizolowezi choyesa. Mlimi wochenjera akafika pa sikelo ya venda, amayamba waikapo paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi kuti aone ngati muvi ukuloza pa malo ake, kenako n'kukweza thumba la soya. N'chimodzimodzi ndi AI. Yambani mwaifunsa zimene mukuzidziwa kale bwino, monga za ntchito yanu, za boma lanu kapena za mbiri ya mpingo wanu, muone mmene imaphonyera ndi mmene imalankhulira ikamaphonya. Ikatchula gwero, litsegulireni nokha. Musaifunse iyo yomweyo ngati yanena zoona. Ndipo kukula kwa kufufuza kuzilingana ndi kukula kwa ngozi. Uthenga wofunira mnzanu mafuno abwino pa tsiku lobadwa mungautumize osaganiza kawiri. Mlingo wa mankhwala, kalata ya ku khothi, mgwirizano wa ngongole kapena mankhwala opopera mbewu zimafuna kuti mufunsenso dokotala, loya kapena mlangizi.

Mu kafukufuku wa Melbourne uja, ogwira ntchito 66 mwa 100 alionse amene amagwiritsa ntchito AI anavomera kuti amatenga mayankho ake osawafufuza. Choncho pamene tikudera nkhawa achibale akumudzi kuti anamizidwa ndi foni, tidzifunsenso ife a mataye ndi malaputopu. Funso lothandiza kwa pulofesa ndi kwa wogulitsa tomato ndi limodzi, ndipo ndi loyenera kudzifunsa tisanadine batani lotumizira: yankho ili likanakhala lolakwika, kodi ine ndikanadziwa bwanji? Ngati njira yodziwira ilipo, gwiritsani ntchito makinawo momasuka. Ngati palibe, pezani kaye munthu amene angadziwe.